Funsani Amalume: Chithunzi cha Barbra Banda n'cha yani?

Amalume, ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi repu pamsika wa Kapata. Mwana wanga wamkazi ali giredi 9. Aphunzitsi awo anati aliyense alembe za munthu wotchuka amene amamusirira, n'kumata zithunzi zake pa pepala la manila. Iye anasankha Barbra Banda, katswiri wa mpira wa timu ya dziko lathu, poti mwana wangayu mpira ndiye kudya kwake. Anatenga zithunzi zisanu pa Google ndi foni yanga, tinakapulintitsa ku Down Shops, ndipo ntchito inatuluka bwino moti ahedi akuti aiika pa Facebook ya sukulu, komanso ilowa m'kamagazini kamene amagulitsa pa tsiku la makolo. Tsopano mlongo wake amene ali ku koleji wabwera n'kutiopseza kuti zithunzizo zili ndi eni ake, tikhoza kumangidwa ngati sitipempha kwa Barbra. Nanga ine Barbra ndim'peza kuti? Akuti ali ku America. Kodi ting'ambe pepalalo? — Mayi wa ku Kapata, Chipata

Mayi, musang'ambe. Manila ndi guluu munagula ndi ndalama ya tomato, ndipo palibe wapolisi amene angabwere ku Kapata kudzamanga mwana chifukwa chomata chithunzi pa pepala lopita kwa aphunzitsi ake. Koma mnyamata wanuyo musam'kalipire, pakuti sananame zonse. Zithunzi zilidi ndi eni ake. Pamene wasokoneza ndi pa dzina la mwini wakeyo.

Ine ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, pamene tinkadikira masiku kuti zithunzi zitsukidwe. Ndajambula maukwati, maliro, mpira, ndi Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo kulikonse anthu amaganiza mofanana: nkhope ikakhala yanga, chithunzinso n'changa. Lamulo silitero. Mwini chithunzi ndi amene anachijambula. Ngati anajambula ali pantchito, mwini ndi amene anam'lemba ntchitoyo, ndipo ngati wina anachita kum'tuma n'kumulipira, kuno kwathu umwini umapita kwa wotumayo pokhapokha atagwirizana mwina.

Taganizani za masewero a Olympics a ku Tokyo mu 2021, pamene Barbra anagoletsa zigoli zitatu posewera ndi Netherlands, n'kudzagoletsanso zitatu posewera ndi China. Iye anali kuthamanga m'bwalo. Kamera inali m'manja mwa munthu wina amene anakhala pansi kuseri kwa golo, atatumidwa ndi kampani ngati Getty Images, Reuters kapena AFP, yomwe inam'lipirira ndege, malo ogona ndi zida zodula. Makampani amenewo amadya pogulitsa zithunzi zomwezo kwa anyuzipepala. Zina zimene mwana wanu anatenga zikhoza kukhala za timu ya Orlando Pride imene Barbra analowa mu 2024, kapena za FAZ, bungwe loyendetsa mpira kuno ku Zambia. Choncho mutakumana naye Barbra lero pa Mwami n'kukupatsani dzanja kuti gwiritsani ntchito, chilolezo chakecho sichingakhale chokwanira pa chithunzi chimene si chake. Ku America anthu otchuka amatengeredwa kukhoti chifukwa choika pa Instagram zithunzi za nkhope zawo zomwe. Zinam'chitikira Gigi Hadid mu 2019.

Google nayo si mwini. Iyo imangokulozerani kumene kuli zithunzi. Chimanga cha m'mphepete mwa Great East Road sichikhala chopanda mwini chifukwa choti aliyense wodutsa akuchiona.

Lamulo lathu pa nkhaniyi ndi Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, lomwe ndi Chapter 406 m'malamulo a Zambia, ndipo linakonzedwanso mu 2010. Masiku ano amaliyang'anira ndi a PACRA, omwe aja timalembetsako mabizinesi. Wojambula safunika kukalembetsa chithunzi chake kulikonse kapena kuikapo kachizindikiro ka ©. Akangodina, umwini wayamba. Zambia inalowanso m'pangano la Berne mu 1992, pangano lakale la mu 1886 loti maiko azitetezerana umwini wa zolemba ndi zojambula, ndipo chifukwa cha ilo wojambula wa ku Japan kapena ku Netherlands amatetezedwa ku Chipata monga mmene ine ndimatetezedwera kwawoko.

Tsopano apa ndi pamene mtima wanu ukhale pansi. Lamulo lomweli linawasiyira mpata ophunzira. Limalola munthu kugwiritsa ntchito zolemba kapena zithunzi za ena pophunzira payekha ndi pofufuza, bola asakupangirapo ndalama, ndipo limapatsanso danga mphunzitsi ndi wophunzira pa ntchito ya m'kalasi ndi pa mayeso. Pepala limodzi la manila, lopita m'manja mwa aphunzitsi, n'kupachikidwa pakhoma la kalasi mpaka mphepo kapena chiswe zitalimaliza, silinam'dyere wojambula aliyense ngwee. Mwana alembe chabe pansi pa chithunzi chilichonse dzina la wojambula ndi malo amene anachitenga, basi.

Vuto ndi maganizo a ahediwo. Ndikudziwa kuti akufuna zabwino, akunyadira mwana wanu, ndipo inunso mukufuna abale a ku Lusaka aone. Koma chithunzi chikachoka pakhoma la kalasi n'kupita pa Facebook, si phunzironso, n'kufalitsa. Chikalowa m'magazini yogulitsa, ngakhale ya K20, ndi malonda.

Pali mlandu wina wofanana kwambiri ndi nkhani yanu. Ku Germany, m'tauni ya Waltrop, mwana wa sukulu anatenga chithunzi cha mzinda wa Córdoba wa ku Spain pa tsamba lina la zamaulendo n'kuchiika mu ntchito yake ya m'kalasi. Analembanso pansi pake tsamba limene anachitenga. Sukulu itaona kuti ntchito ndi yabwino, inaiika pa tsamba lake la pa intaneti. Wojambula, Dirk Renckhoff, anasuma. Mlandu unakwera mpaka ku khoti lalikulu la European Union, ndipo mu August 2018 khotilo linagamula kuti sukulu inayenera kupempha kaye chilolezo, ngakhale kuti chithunzicho chinali kale poyera ndipo aliyense akanatha kuchikopera. Chigamulo cha ku Ulaya sichimanga makhoti a kuno, koma onani zinthu ziwiri. Wojambula sanadandaule ndi zimene zinachitika m'kalasi, anadandaula ndi kuika pa intaneti. Ndipo amene anakayankha mlandu si mwana, koma boma la dera limene limayang'anira sukuluyo.

Kunena zoona, kampani ya ku London kudzasumira sukulu ya ku Chipata chifukwa cha manila n'zovuta kuchitika. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mwini amadandaula kwa a Facebook, iwo n'kuchotsa chithunzicho, ndipo madandaulo akachuluka amatseka tsamba lonse. Makampani ena ali ndi makompyuta amene amasakasaka zithunzi zawo usana ndi usiku, akachipeza amatumiza kalata yolipiritsa. Koma ine chimandikhudza kwambiri ndi china. Ojambula ambiri amene zithunzi zawo zimabedwa si a ku London. Ndi anyamata athu omwe, amene amakwera basi kupita ku Heroes Stadium kapena ku Levy Mwanawasa ndi kamera yangongole, mawa lake n'kupeza chithunzi chawo chili paliponse, dzina litadulidwa. Sukulu isakhale malo ophunzitsira ana khalidwe limenelo.

Ndiye muchite chiyani? Njira yachidule ndi kusintha zithunzi pa kope imene ipite pa Facebook ndi m'magazini. Mwana atsegule nkhani ya Barbra pa Wikipedia ya Chingerezi, adine chithunzi chimene chili pamenepo. Chimutengera ku Wikimedia Commons, kumene kuli zithunzi zimene eni ake analoleza kale kuti aliyense agwiritse ntchito. Pansi pa chithunzi apeza dzina la wojambula ndi zilembo ngati CC BY kapena CC BY-SA. Zilembo zimenezi ndi za ziphaso za Creative Commons. BY ndiye kuti tchulani mwini. SA ndiye kuti mukachisintha, chimene mwapangacho muchiperekenso kwa ena pa chiphaso chomwecho. Kwina, monga pa Flickr, mupezanso NC, ndipo imeneyo ikuletsa malonda, choncho si ya magazini yogulitsa. Akopere dzina la wojambula, dzina la tsamba ndi zilembozo, alembe pansi pa chithunzi m'timalemba ting'onoting'ono. Ntchito yatha, osalipira kanthu kupatula bandulo.

Ngati mtima wake uli pa chithunzi chimodzi mwa zisanu zija, apemphe. Choyamba apeze mwini. Abwerere pa tsamba limene chinali, ayang'ane pansi kapena pambali pa chithunzi, nthawi zambiri pamakhala dzina. Likasowa, achiike mu Google Lens, yofufuzira pogwiritsa ntchito chithunzi, imuonetsa malo ena amene chinatulukira. Akapeza kuti ndi wojambula wa kuno kwathu kapena nyuzipepala ya kuno, ahedi ndiwo alembe, osati mwana, poti ndi sukulu imene ikufalitsa. Uthenga usatalike: ndife sukulu yakuti ku Chipata, wophunzira wathu wagwiritsa ntchito chithunzi chanu ichi, tikupempha kuchiika pa Facebook yathu ndi m'magazini ya makope akuti, yogulitsidwa pa mtengo wakuti, dzina lanu tidzalilemba. Ojambula ambiri amene ndimawadziwa savuta pa za ana a sukulu, amakondwa kuti wina wawalemekeza. Akayankha, ngakhale pa WhatsApp, sungani yankholo. Akapanda kuyankha, musati avomera. Kukhala chete si chilolezo.

Pa Facebook palinso njira ina yosavuta. Ahedi aike mawu amene mwana analemba ndi chithunzi cha mwanayo, inu mayi wake mutavomera, ndiyeno chithunzi cha Barbra achite kudina Share kuchokera pa tsamba lenileni la timu kapena la FAZ. Mukatero simunakopere kanthu, chithunzi chikadali pa tsamba la mwini wake.

Ndipo mumuuze mtsikanayo kuti asasiye mpira.

Amalume, ndimaphunzitsa ku sekondale ina kuno ku Katete. Ana anga akabweretsa mapulojekiti amalemba pansi pa zithunzi kuti achokera nazo ku Google. Ena amadula m'mphepete kuti dzina la kampani lisaoneke. Ndiwachotsere mamalikisi? Nanga ine ndikafuna kuchita fotokope chithunzi cha a Kenneth Kaunda kuti mwana aliyense akhale nacho, ndalakwa? — Mphunzitsi, Katete

Aphunzitsi, choyamba muwaphunzitse, kenako muzichotsa. Kulemba kuti chithunzi chachokera ku Google sikunatchule munthu aliyense. Muwaonetse kamodzi pa bolodi: dzina la wojambula, dzina la nyuzipepala kapena tsamba, ndi tsiku limene anachitenga. Zikalowa m'mutu ali giredi 8, sadzavutika nazo ku koleji, kumene kukopera osatchula mwini kumalepheretsa munthu kosi.

Za kudula dzina ndi nkhani ina, ndipo pamenepo musanyengerere. Mwana amene sanalembe dzina la wojambula mwina sanadziwe. Amene watenga lumo kapena foni n'kulichotsa waliona. Zithunzi zimene zili ndi dzina la kampani lolembedwa modutsa pakati ndi zoonetsera chabe kwa ofuna kugula, ndiye muwauze asakazitenge n'komwe. Muwauzenso kuti kutchula mwini sikulowa m'malo mwa kupempha pamene pakufunika kupempha. Mwana wa ku Germany amene ndam'tchula pamwambapa analemba kumene anatenga chithunzi, koma mlandu unabwerabe.

Funso lanu lachiwiri ndi lovutirapo. Mpata umene lamulo limapatsa mphunzitsi m'kalasi suli wotambalala pa makina otulutsa makope ambirimbiri. Kuonetsa chithunzi chimodzi kutsogolo kwa kalasi, kapena kuchiika mu funso la mayeso, palibe nkhani. Kudzaza makope a kalasi lonse chaka ndi chaka, makamaka kuchokera m'buku limene likugulitsidwa m'sitolo, ndi kumene olemba ndi osindikiza mabuku amalirira, ndipo n'chifukwa chake kuli bungwe la ZARRSO loona za ziphaso za fotokope. Ndikudziwa mmene mabuku amasowera m'masukulu athu, sindikukuweruzani. Koma pa a Kaunda muli ndi mwayi. Iwo anayenda kwambiri, ndipo zithunzi zimene ojambula a boma la America anawajambula ali pantchito yawo, monga za ku White House, zilibe copyright, kapena kuti umwini wotetezedwa, malinga ndi lamulo la dzikolo. Pa Wikimedia Commons zotere zimalembedwa kuti public domain. Chotero mukhoza kuchulukitsa mmene mungafunire.

Musaganize kuti poti a Kaunda anamwalira mu 2021 ndiye kuti zithunzi zawo zonse zamasuka. Zaka zimawerengedwa potsata wojambula, osati wojambulidwa, ndipo lamulo lathu limateteza ntchito zaluso kwa moyo wonse wa mwini wake ndi zaka zina 50 atamwalira.

Amalume, kalabu yathu ya mpira pasukulu ikufuna ndalama za jezi. Taganiza zosindikiza nkhope ya Patson Daka pa matisheti n'kumagulitsa pa boma. Poti ndalama ndi za sukulu, si kuti zili bwino? — Kaputeni wa timu, Petauke

Mphwanga, ayi. Ndalama kupita ku jezi sikusintha kuti mwagulitsa. Apa mpata wa ophunzira watha.

Ndipo pa tisheti zitseko ndi zingapo. Pali wojambula. Pali mwini nkhope. Ngati pa chithunzicho pakuoneka baji ya Leicester City, timu imene Daka analowa mu 2021, kapena ya FAZ, bajiyo ndi chizindikiro cha malonda chokhala ndi eni akenso. Za mwini nkhopezi zinaonekera bwino ku England mu 2013, pamene woimba Rihanna anapambana mlandu umene anasumira sitolo ya Topshop chifukwa chogulitsa matisheti a nkhope yake. Sitoloyo inali itagula chilolezo kwa wojambula, koma inaluzabe, chifukwa khoti linaona kuti ogula akanaganiza kuti mwiniwakeyo wavomereza malondawo. Makhoti athu amayang'anako ku zigamulo za ku England pa nkhani zotere.

Pasukulu panu sipangasowe mnyamata kapena mtsikana wa dzanja labwino. Ajambule chizindikiro cha timu yanu kuchokera m'mutu mwake, osati kudinda pa chithunzi cha wina, mulembepo dzina la sukulu ndi chaka. Makolo ndi amene anaphunzira pamenepo kale amagula msanga tisheti ya sukulu yawo kuposa ya Daka, imene angaipeze pa salaula.

Amalume, chaka chatha ndinapita ku Kulamba ku Mkaika ndipo ndinajambula ndi foni yanga woimba wina wotchuka ali pa siteji, komanso magule. Ndikufuna kuziika mu pulojekiti ya za chikhalidwe. Ndipemphe kwa yani? Mnzanga wina anaika chimodzi pa Facebook yake ngati anajambula ndi iye. — Wophunzira, Chadiza

Mdzukulu, pa zithunzi zimenezo mwini ndiwe. Foni kukhala yotchipa kapena iwe kukhala mwana wa sukulu sikuchepetsa kanthu, lamulo limene likuteteza wa Reuters ndi lomwelo likuteteza iwe. Ika mu pulojekiti, ulembe pansi dzina lako, malo ndi mwezi, kuti Mkaika, Katete, August. Woimbayo anali pa siteji pamaso pa khamu, ndipo kumuika mu ntchito ya m'kalasi sikufuna kalata. Ungosamala kuti ngati unatenga vidiyo, nyimbo imene ikumvekamo si yako. Imeneyo ili ndi eni ake, ndipo za nyimbo amaziyang'anira ndi a ZAMCOPS.

Pa magule ndikulankhula ngati mkulu, osati ngati wodziwa malamulo. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma zimenezo sizinachotse mwambo wake. Zimene zinavinidwa pabwalo pamaso pa Kalonga Gawa Undi ndi alendo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, zinali zoti anthu aone. Ngati unazemba n'kujambula kumene sunaitanidwe, kapena wovina akukonzeka, chimenecho usachionetse munthu, ufunse akulu akwanu choti uchite nacho. Chimodzimodzi zithunzi za anamwali ndi za ana ang'ono: pa pepala la aphunzitsi usankhe zaulemu, ndipo pa intaneti usaziike popanda makolo awo kudziwa.

Mnzakoyo umuuze pamaso, mwaulemu, kuti alembe dzina lako kapena achotse. Akakana, Facebook ili ndi fomu yodandaulira za copyright, ndipo umboni wako uli m'foni momwemo. Chithunzi choyambirira chimasunga tsiku, ola ndi mtundu wa foni imene inajambula, pamene chake, ngati unam'tumizira pa WhatsApp, chinafika chitachepetsedwa ndipo zambiri mwa zimenezo zitafufutika. Choncho usafufute choyambiriracho ngakhale foni itadzaza. Chisamutsire pa memori khadi kapena udzitumizire pa imelo.